Khomo Limene Mulungu Amaimapo

Achimwene Sabapathy,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Penang kumeneko, pamodzi ndi alamu. Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tilipo, madzi afika m'ngalande ndipo mpunga tawokera kale. Mwana wanu Thenmozhi ali bwino, koma pakamwa mpomwe paja.

Akuchimuna atsimikiza kuti adzabwera pa chikondwerero cha kachisi, adzaone okha ulemu umene banja lathu limalandira asanavomere ukwati wa Thenmozhi. Mayi wa mnyamatayo amafunsa za makolo ngati akugula ng'ombe.

Munandituma kuti ndikapemphe ansembe kuti chaka chino, onyamula fano la mulungu Sivan akamazungulira nalo mudzi, adzaime kukhomo lakumaso, osati kuseri kuja kuli khola. Ndinapita. Ansembe anaseka mpaka kutsokomola. Akuti mulungu si woyendetsa ngolo woti n'kumuuza poima. Amaima pakhomo la amene anamupatsa munda, basi.

Mawu amenewa anandisowetsa mtendere. Ife tinakula tikumva kuti munda wa kumtsinje anaupereka ku kachisi ndi a Muthaiya, agogo a bambo athu. Nanga a Muthaiya ankalowera kukhola? Ndinakayang'ana khoma lakuserilo bwinobwino koyamba m'moyo wanga. Achimwene, pansi pa laimu wopaka khomalo pali khomo lotsekedwa ndi njerwa, ndipo mwala wake wopondapo ndi wosalala.

Paja safunsa anadya phula. Ndinapita kwa a Kandappan, mkulu uja amaimba chitoliro kutsogolo kwa mulungu. Ndinawafunsa chifukwa chake amasintha nyimbo akafika pakhoma lathu. Iwo akuti: "Iwe Visalam, imvi zonsezi sunamvebe kuti imeneyo ndi nyimbo yovinira? Mudzi wonse ukudziwa, osadziwa ndinu eni nyumba."

Akuti kuchipinda chakuseri kunkakhala Alarmel, mkazi wovina amene anaperekedwa ku kachisi ali mwana. Munda uja anaugula yekha ndi zibangili zake zagolide, n'kuupereka kuti mpunga wake uzigula mafuta a nyale ya mulungu mpaka kalekale. Mkazi wa a Muthaiya analibe mwana. Agogo athu anabadwa kwa Alarmel. Nthawi itasintha, kuvina m'kachisi kutayamba kuonedwa ngati chamanyazi, a m'banja mwathu anadikira kuti Alarmel amwalire n'kumanga njerwa pakhomo pake. Munda unatenga dzina la mwamuna. Koma onyamula mulungu palibe anawauza kuti asiye kuima, ndiye sanasiye.

Ndimayesa ndikhumudwa, koma ayi. Ndikungofuna kumudziwa Alarmel. Anali wamtali ngati ife? Ankaseka bwanji? Nduwira imene ansembe ankamanga pamutu pa bambo athu chaka ndi chaka, iwo atatukula chifuwa, kani inali yake. Ndafunsa mayi aliyense wokalamba mumsewu wathu, ndipo mmodzi akukumbukira kuti amayi ake ankati Alarmel sankadya biringanya. Zonse zimene zatsala za munthu wopatsa mulungu munda ndi zimenezo.

Tsopano pepani, ndinamuuza Thenmozhi. Ndikudziwa kuti mukanandiletsa. Akuti ndiye kuti iye akakwatiwa ngati mdzukulu wa khoma. Ndinamuchenjeza kuti mayi wa mnyamata uja akamva za wovina, adzanyamuka khofi asanazizire. Iye akuti kuli bwino anyamuke lero kusiyana n'kudzamva kumsika iye ali ndi ana awiri. Koma Thenmozhi amamukonda mnyamatayo, achimwene, ndinamumva akulira kuchitsime. Inenso ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi lakuti mubwere, ndipo musabwere ndi ukali. Nduwira iyenera mutu wanu, ndipo mwanayu asadzaime yekha pamaso pa alendo. Za khomalo musavutike kulemba zondiletsa. Dzulo ndinamupeza Thenmozhi akukokota laimu pakati pa njerwa ndi mpeni wa kokonati. Ndinamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka ndinakamubwerekera nyundo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti mango a m'mchere aja ndawasungira. Sivan akusungeni panjira yonse mpaka mudzafike, ndipo mudzalowere khomo limene mungasankhe.

Ine mlongo wanu,
Visalam