Dzina Lako Likutchulidwabe

Wokondedwa mwana wanga Yosefe,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Ine kuno ku Chiosya ndilipo, koma miyendoyi.

Chiikireni maliro a bambo ako, chimandiwawa n'chakuti m'mawa uliwonse ankakupempherera mokutchula dzina. Ine ndikayesa, kaya ndinene bwanji, mawu amakanirira pakhosi. Ndinkati, nanga mwana wanga ali kutali yekha, amutchule ndani kwa Mulungu?

Lachiwiri tikukumba mtedza ndinawadandaulira anaPhiri, oyandikana nafe aja. Iwo anati, "Amake Yosefe, pemphero la amuna anu ndinkalimva kuseri kwa mpanda mpaka ndinaliloweza. Chimwalirireni iwo, ndimalinena ndine." Ndinakhala pansi pamzere pomwepo n'kulira.

Ndiye usaope, Mulungu akulimvabe dzina lako. Uziimbako foni. Ambuye akusunge.

Ndine mayi ako,
Nabanda