Njinga ya bambo ikungophwa, achibale akuti tiwalande

Aphungu,

Ndivomeretu kuti nkhawa ndi chibadwa changa. Ndimagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala, ndipo ndine uja amawerenga botolo, n'kuliika pashelefu, n'kubwereranso kukaliwerenga. Anzanga amandiseka, koma ndimo ndilili. Nkhani yanga ndi ya bambo anga ndi njinga yawo.

Bambo anapuma pantchito yoyendetsa mabasi akuluakulu. Mayi atamwalira ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Ali ndi mnzawo amene anayenda naye m'basi imodzi zaka zambiri, ndipo mpaka lero saitanana mayina: uyu ndi Dalaivala, uyo ndi Kondakitala. A Kondakitalawo anadwala sitiroko, mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka. Ana awo ali kutali, ndipo mkazi wawo ndi wokalamba, sangathe kuwadzutsa.

Ndiye m'mawa uliwonse bambo amamangirira chigubu cha madzi pakaliyala, chifukwa mpopi wa kumeneko umauma kawirikawiri, n'kupalasa ulendo wa kutsidya kwa njanji. Akafika amawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwawongola zala chimodzichimodzi, kenako amawagwira m'khwapa n'kumayenda nawo kuchoka pakhonde kulowera kumpanda. Tsiku lina ndinawaperekeza. Titangolowa, odwalawo, ndi pakamwa pawo popotokapo, anati, "Dalaivala, wachedwa. Anthu atsika onse." Bambo anati, "Khala chete iwe. Zaka zonse zija unkagona pampando wakumbuyo, lero ndiye wadziwa nthawi?" Anaseka mpaka amayi a pakhomopo anatuluka m'khitchini kudzaona chachitika. Aphungu, ndaona anthu ambiri osamalira odwala, koma manja ngati a bambo anga ndi osowa. Munthu amene ankangogona chigonere, lero akufika pampanda ndi ndodo yokha.

Vuto ndi tayala lakumbuyo. Likungophwa. Sabata siitha bambo osabwera akukankha njinga. Mwezi wathawu linawaphwera masana dzuwa lili paliwombo, ndipo iwo ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Mayi wina wogulitsa tomato anawapeza atakhala m'mphepete mwa ngalande, chizungulire chitawagwira. Anawamwetsa madzi n'kundiimbira foni. Ndinathamangira komweko nditavala yunifolomu.

Alongo anga aakulu atamva anapsa mtima. Anati, "Iwe umagwira kuchipatala, ukudikira kuti tikawatole pamsewu? Njingayo timange loko, nkhani yatha." Akubwera kumapeto kwa mwezi uno ndi azakhali kudzagamula. Bambo atamva anangoti, "Adokotala," ndimo amanditchulira akafuna kundigemula, "uwauze abwere ndi maloko awiri. Lina akamange pakhomo pa Kondakitala." Minibasi sifika kumeneko, ndipo wapansi sangakwanitse. Njinga ikapita, ulendowo watha.

Musaganize kuti ndangokhala. Ndinagula machubu atsopano. Ndimasesa kanjira ka pageti. Loweruka lina ndinayenda njira yawo yonse ndi jumbo, kutola misomali ndi zidutswa za mabotolo, anthu akundiyang'ana ngati wozungulira mutu. Chinanso: bambo amapopa matayala mpaka gwa ngati mwala. Ine ndinaphunzira kusukulu kuti mpweya ukatentha umafufuma, ndipo phula la masana limawotcha. Ndinaonapo kuntchito munthu atasupuka nkhope tayala litamuphulikira. Komanso msana wa bambo umawawa, ndipo tayala lolimba limawagwedeza. Choncho m'mawa, iwo ali kubafa, ndimatulutsako mpweya pang'ono kuti tayala lizibonyokako ndikalidina ndi chala. Sindinawauze, chifukwa sangalole. Iwo amangodandaula kuti mavalavu a masiku ano ndi achinyengo.

Ngakhale ndikuchita zonsezi, palibe chasintha. Bambo akamiza chubu m'beseni la madzi, thovu limatulukira malo awiri oyandikana, timabowo tong'ambika ngati pamene paluma njoka. Timafufuza m'tayala monse, munga osaupeza. Amamata, n'kubwezera tayala ndi sikuludilaiva yawo yakale, mawa lake zomwezo. Chubu china chili ndi zigamba pamwamba pa zigamba.

Kodi pali mtundu wa tayala losaboola? Kapena alongo anga akunena zoona, ine ndikungokakamira chifukwa ndimanyadira bambo? Sindikufuna kuwalanda chinthu chimene chimawadzutsa m'mawa, komanso sindikufuna foni ina ngati ija.

Ine mwana wothedwa nzeru,
E. N.

*

Mayi E. N.,

Choyamba, mukawapatse moni a Dalaivala. Anthu ambiri akamva kuti mnzawo wadwala amapita kamodzi ndi botolo la zakumwa, n'kumalengeza chaka chonse kuti anakazonda. Bambo anu atenga lumo ndi sopo. Kunyadira munthu wotero si kukakamira ayi.

Tsopano khalani pansi, chifukwa zimene ndinene zikuwawani pang'ono. Amene akuboola tayalalo si munga. Ndi chala chanu chija.

Munga kapena msomali umasiya bowo limodzi lozungulira. Timabowo tiwiri toyandikana timabwera tayala likakhala lofewa. Taganizani: bambo ali pachishalo, chigubu cha madzi chili pakaliyala, kulemera konseko kuli pa gudumu lakumbuyo. Akamawoloka njanji kapena kugunda dzenje, tayala lofewa limaphwanyika mpaka pansi, ndipo milomo iwiri ya limu, chitsulo cha gudumu chija, imatsina chubu ngati pulayala. Mlomo uliwonse umasiya bala lake. Mpweya wokwanira ndiwo umatchinjiriza chubu ku chitsulo. Zimene munaphunzira n'zoona, mpweya umafufumadi ukatentha, koma pa tayala labwino lopopedwa pa muyezo wake, kufufumako n'kochepa. Amene amaphulika kawirikawiri ndi matayala okutha, ong'ambika m'mbali, kapena okhala molakwika pa limu.

Musadzidye mtima. Munachita chifukwa cha chikondi, ndipo maso anu omwewo ndi amene aona timabowo tiwiri, chinthu chimene ambiri sakanachilabadira. Koma muwauze bambo lero, musanachite china chilichonse. Akalipa, mwina akusekani mpaka chaka chamawa, ndipo a Kondakitala amva nkhaniyi dzuwa lisanalowe. Pirirani. Mavalavu anamiziridwa mokwanira.

Mukatero, nkhawa yanuyo muipatse ntchito yoyenera. M'mbali mwa tayala mumalembedwa muyezo wa mpweya. Pezani pampu yokhala ndi geji, inu mukhale wowerenga, iwo wopopa. Kuwerenga kawiri n'kumene mumatha, ndipo pano palibe adzakusekeni. Chitani zimenezi kangapo pasabata, chifukwa chubu chilichonse chimataya mpweya pang'onopang'ono.

Nawonso a Dalaivala ali ndi milandu yawo. Sikuludilaiva ija aisiye m'bokosi. Nsonga yake imatsina chubu pobwezera tayala, munthu n'kuyamba ulendo ataboola kale. Pali tizitsulo kapena timapulasitiki tosathwa tochotsera tayala, ndipo pobwezera agwiritse ntchito manja, atapoperamo kampweya pang'ono m'chubu kuti chisapindike. Chubu cha zigamba pamwamba pa zigamba chipume pantchito ngati eni ake. Muonenso tayala lenilenilo: ngati mapanga ake afafanizika kapena ulusi ukuonekera, lisinthidwe. Losaboola konse musalifune, koma alipo okhuthala opangira katundu, ndipo lakumbuyo ndilo lofunika kwambiri. Tayala likachoka, yendetsani chala mosamala m'kati mwake, muonenso lamba amene amaphimba mitu ya masipoko m'limu. Akaduka kapena kusendera pambali, sipoko imaboola chubu kuchokera m'kati.

Pa njanji atsike, awoloke akukankha. Munthu amene ankaimitsa basi yodzaza pamalo otero sangatsutse. Chigubucho chichepe, kapena mupeze woti azitungira madzi komweko. Za msana, yang'anani chishalo: chofewa, cha masipuling'i, chokwezedwa pa msinkhu wawo. Msana suchizidwa ndi tayala lophwa.

Koma alongo anu musawaone ngati adani. Mantha awo ndi anu omwe, ndipo chimene chinawaopsa si chubu, ndi bambo atakhala pangalande. Ngakhale mutakonza zonse, tsiku lina msomali udzapezeka. Ndiye pafunika pangano. Bambo aziyenda ndi chubu chapadera, pampu yaing'ono, botolo la madzi akumwa, chipewa ndi foni yotchaja. Azibwerera dzuwa lisanakwere, apo ayi adikire lipendeke. Tayala likaphwa, asakankhe: apeze mthunzi, aimbe foni. Ndipo popeza chizungulire chinawagwirapo, apite kwa dokotala wawo akapimidwe, anene ngati kupalasa kukuwayenerabe. Inu ndinu mwana wawo, musakhale woweruza pa zimenezo.

Achibale akabwera, musakangane nawo pabalaza. Muwafotokozere chimene chinkaphwetsa tayala, osabisa mbali yanu, muwaonetse pangano, kenako muwatenge m'mawa akaone okha munthu uja akuyenda kupita kumpanda. Mukatero mupemphe mwezi umodzi woyesera.

Chenjezo langa ndi ili. Dokotala akadzati njinga basi, mudzamvere, ndipo pamenepo ntchito ya banja lonse idzakhala kupeza njira ina yowafikitsira kutsidya kwa njanji, osati kuwakhazika pampando. Koma asanatero, musalole loko, ndipo musadzachitenso kanthu mseri pa njinga ya bambo anu, ngakhale kabwino motani. Munthu wamkulu ukamuteteza mobisa umamuchepetsa. Muziwauza maso ndi maso, akane, mukangane, kenako muwatsegulire geti. Kutsidyako kuli munthu akudikira kumetedwa.

Phungu wanu