Maluwa amene ndinadula

Amayi, kodi kukuyenderani bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Ilford, ku Mangalande, tilipo. Mdzukulu wanu Tamanda wayamba sekondale, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Bondo langa lija limavutabe ndikakhala pa shifiti yaitali ku nyumba ya okalamba.

Mukukumbukira nthambi ziwiri za holi, mtengo wa masamba aminga uja, zimene munathyola pampanda wa tchalitchi mutabwera kudzationa? Zitamera mizu, ina munapatsa ine, ina mng'ono wanga Chisomo, tinadzala kuseri kwa nyumba zathu zogundizanazi. Munkati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine wangayo wandikanika, Amayi.

Mtengo wa Chisomo umabala tizipatso tofiira psuu chaka ndi chaka. Wanga masamba okhaokha. Pa Khirisimasi nthambi zake ndi zimene zimakongoletsa guwa, azimayi n'kumati Chisomo ali ndi dzanja la mayi ake. Nanga ine ndili ndi dzanja la ndani? Chaka chatha kunabwera anthu obwezeretsa nkhalango kudzatenga njere zake kuti akafese mbande, mpaka kumujambula chithunzi Chisomoyo. Ine ndinkaonera pawindo, mtima ukuwawa. Ndinati basi, Amayi anamusankhira wabwino, ngati kale.

Mmodzi wa anthuwo anasuzumira pampanda n'kundiuza kuti mitengo imeneyi ilipo yaimuna ndi yaikazi. Wanga ndi waumuna, sudzabala mpaka kalekale, koma njuchi zimatenga mungu kwa wangawu kupita nawo kwa wa Chisomo. Ha! Ntchito ya mtengo wanga, ulemu wa iye?

Musandikalipire, Amayi. Mu Meyi, wanga utangoyamba kuphukira, ndinatenga sizasi n'kudula tinthambi tonse ta maluwa.

Chaka chino wa Chisomo uli ndi tizipatso towerengeka. Dzulo ndinamupeza atagwada patsinde pake, akuthira manyowa, misozi ili chuchuchu. Akuganiza kuti mwamukwiyira chifukwa sanapite kumudzi pomanga chiliza chanu. Ine ndinangoti pepa, n'kumugwirira ndowa.

Nsanje ikadalipo, ndisaname. Koma ndikulonjeza kuti Lamlungu lino, tikamachokera ku tchalitchi, ndimuuza zonse, anditukwane mmene angafunire. Inu nokha ndi amene mukanandiyankha funso limodzi ili: tsiku lija, munkadziwa kuti wobala ndi uti?

Ndine wokukondani, mwana wanu woyamba,
Eneless