Timapepala ta pa Mawaya a M'boti

Okondedwa Malume,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata, inu muli ndi zanu zambiri. Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Mayi mwendo uja ukupola.

Ntchito yokolopa m'boti imene munandipezera ndikuigwirabe. M'chipinda cha oyendetsa muli laputopu. Mawaya ochokera ku makina oyeza kuya kwa madzi ndi osonyeza njira amalowa m'kabokosi kolumikizana ndi laputopuyo. Amakaniki anamata kapepala ka nambala pa waya aliyense, koma timapepalato tinada ndi mafuta. Lachiwiri ndinazula mawaya onse, ndinamatula timapepala, ndinapukuta bwinobwino, n'kubwezera mmene ndinkakumbukira.

Mawa lake laputopu sinasonyeze kuya, ndipo boti linakwera pamchenga. Palibe anavulala. Oyendetsa anakalipira amakaniki pagulu. Anati, "Mawaya awa munalumikiza ndi mapazi kapena?" Amakaniki anangoti, "Ndinalemba manambala ine, bwana." Palibe anawakhulupirira, ndipo awauza kuti Lolemba asabwerenso. Ine ndinali pomwepo, chikolopa m'manja, ndipo ndinangopitiriza kukolopa. Masana amakanikiwo anandigawirabe buledi wawo ngati masiku onse.

Timapepala tija sindinataye. Ndinatimata m'kope langa monga tinatsatirana pa mawaya, tonse tisanu ndi tiwiri.

Inu munauza abwana kuti mwana wa mlongo wanu sagwira chinthu asanafunse. N'chifukwa chake ndayambira kwa inu ndisanakaulule kwa abwanawo. Chonde ndiyankheni Lolemba lisanafike. Kope lija ndikuyenda nalo m'chikwama tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu.