Mapaziwa Ankafuna Ulendo

Abambo a Loyce,

Pepani, mupeza pakhomo palibe munthu. Mutangopita kudimba, kwafika achimwene anu a Eliya panjinga, thukuta lili kamukamu. Akuti Loyce wathu wachira dzulo ku Manjawira, mwana wamkazi! Ndaimba nthungululu mpaka mbuzi zabalalika.

Mukukumbuka mapazi anga aja ankangolira ngati muli njuchi? Inu munati ndaponda mankhwala otcheredwa ndi mai a Benson. Asisitere kuchipatala cha ku Nzama anati ndimagwada nthawi yaitali pamphero, ndiziwaviika m'madzi ofunda amchere. Ndinaviika mpaka mchere kutha, njuchi zili pompo. Koma lero nditangoyamba kuvina, zii! Mapaziwa sankadwala ayi, ankafuna ulendo.

Tsono tambala munasungira asing'anga uja ndamutenga, mwana wathu akamwe msuzi. Ndikuthamangira lole ya Mmwenye. Nyemba zili mumphika, mungotenthetsa.

Musanabwere kudzaona mdzukulu, mupite kwa mai a Benson mukapepese, chipewa chili m'manja. Mwawanyima moni pachabe, ndipo ndi iwo andibwereka nsalu yoberekera.

Ine wanu,
Dailes, koma kuyambira lero muziti agogo