Zisa za Njuchi za ku Alemanya

Chidzolomondo, 14 Agosto 1986

Wokondedwa mlongo wanga Cipriano,

Ndikhulupirira uli bwino ku Alemanyako kwa Azungu, ndipo chisanu sichinakudule makutu. Kuno amayi ali bwino, kupatula mwendo uja. Chimanga tinakolola pang'ono, chotsalacho anatikololera ndi anthu amfuti.

Kalata yako ya mapepala awiri inafika mu Junho. Ndinawawerengera atate katatu. Unalemba kuti kusukulu kwanu mukufufuza ufa wachikasu wosapsa msanga pamoto, wopangidwa kuchokera ku ureya, adubu yemweyu timathira fodya. Unati m'kati mwake, mosaoneka ndi maso, timbewu ta azoto ndi ta karbono tagwirana manja m'timabwalo ta makona asanu ndi limodzi, kabwalo kulumikiza kanzake, ngati zisa za njuchi. Pepala lachiwiri unajambulapo zimenezo, ma N a azoto ndi ma C a karbono ali mbwee.

Ine, ndisaname, sindinatolepo kanthu. Atate ndiye anati amva zonse. Chithunzicho ankayenda nacho m'thumba la malaya, n'kumaonetsa aliyense kuti mwana wawo amaona m'kati mwa adubu.

Sabata yatha atate akupita ku Furancungo kukafuna mchere, asilikali anawasecha panjira. Atachipeza chithunzicho anati ndi mapa a nkhondo: timabwalo ndi misasa ya adani, mizere ndi njira, ma N ndi pamene pakwiriridwa mabomba. Atate anayankha kuti ndi sukulu ya mwana wawo. Atafunsidwa dzina la mwanayo anakana kutchula, kuopa kuti angakubweze pandege. Mpaka lero ali m'chitokosi.

Ndinapitako. Mkulu wa asilikali, munthu wosakalipa, anati ndikabwera ndi pepala lofotokoza chithunzicho awatulutsa. Apo ayi, kumapeto kwa Setembro awatumiza ku Tete, ndipo opita kumeneko sitimvanso za iwo.

Cipriano, pepala loyamba lija la kalata yako palibe, ndipo ndine ndinalipereka. Kuno mapepala asowa. A Hilário, oyandikana nafe aja, analifuna kuti apichirire fodya, nandipatsa kachidutswa ka sopo. Ndinati mawu ndawerenga kale katatu, atsala ndi ntchito yanji? Paja ndimakuseka kuti ukuphunzira zosadyeka. Lero mawu ako anapita ndi utsi, ndipo manyazi andigwira moti amayi sindinawauze.

Chonde lembanso m'Chipwitikizi, momveka kwa msilikali. Aprofesa ako adindepo karimbo, wamkulu ndithu. Utumize kwa a Nicolau, namwino wa ku Furancungo, kalatayo isabwerenso m'manja mwangamu. Usazengereze, masiku akutha.

Atate nditawaonera pawindo anandiletsa kukuuza, ati ungasokonezeke pamayeso. Anangopempha chimodzi: ukamadzalemba ujambulenso chithunzi china. Ati chija asilikali sabweza, ndipo anzawo a m'chitokosimo sanachione.

Mulungu akusunge kumeneko. Upereke moni kwa Domingos wa kwa azakhali ngati mumaonana.

Ndine mlongo wako,
Olinda