Mbewa Zako Usazisiye

Lachinayi, 12 Seputembala

Okondedwa adokotala a mbewa,

Ndayamba ndi ulemu kuti ukhale pansi, chifukwa zotsatirazi zilibe ulemu. Mayi ako andiuza kuti walongedza sutikesi, ukufuna kusiya ntchito yako ya kafukufuku kuti udzasamale agogo ako aamuna. Wakuitana ndani? Ine ndafa?

Agogo akowo ali bwino, ubwino wake wa munthu amene sitiroko inamugwetsa m'bafa. Dzanja lamanja ndi mwendo zikadagona, pakamwa panapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati ogula. Koma akudya, ndipo maso aja oyang'anira anamwino sanafe ziwalo ayi.

Tsiku limene adokotala anationetsa chithunzi cha m'mutu, amalume ako anangoti kukamwa yasa. Ine ndinamva zonse, chifukwa cha iwe. Ukukumbuka unandifotokozera tikuchapa makatani, ine n'kumakuseka? Unati mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi khoma lake, la njerwa zogwirana kwambiri, kuti zonyansa za m'magazi zisalowe. Sitiroko ikagunda, thupi limabalalika n'kutuma ogumula kukakokota simenti ya pakati pa njerwazo, madzi n'kuyamba kulowa, ubongo n'kutupa. Ndiye pali tinthu tako tija tosaoneka ndi maso, timayikolo RNA, timene timagwira wamthenga panjira n'kumutseka pakamwa ogumulawo asanamve. Unatinso tina n'tosakhulupirika, timathandiza ogumula, ndipo ntchito yako ndi kupeza kuti tabwino ndi titi. Ine ndinati ndiye tinthuto tafanana ndi abale a agogo ako.

Basi adokotala atati, "Amayi, khoma la mitsempha likudontha," ine ndinati, "Nanga osawabaya timayikolo tija kuti titseke bwanji?" Anavula magalasi. "Zimenezi mwazimva kuti?" Ndinati, "Ndili ndi mdzukulu, bambo." Anaseka, n'kundiuza bwinobwino kuti mankhwala otero kulibe, akadali kuyesedwa pa mbewa, ndipo mwina papita zaka. Agogo ako anawapatsa ena ochepetsa kutupa, Mulungu n'kuchita mbali yake.

Ndiye tamvera. Ndikudziwa chimene chikukudya. Ukuti waphunzira zonsezo koma agogo ako sunawathandize. Zoona, sunawathandize, mbewa zako zachedwa. Koma kuchipatala kuja, m'chipinda choyandikana ndi chathu munagona mayi wina wosoka zovala, wamng'ono kwa mayi ako, mwana akadali kubere. Iyeyo kutupa kunamupitirira. Bedi lake analiyalula ine ndikudutsa ndi beseni, mwamuna wake ataima pakhonde ndi nsapato za mkazi wake m'manja. Ukasiya iwe, wotsatira adzadikira ndani?

Komanso ubwere kudzatani? Agogo ako salola munthu wina kuwasambitsa. Amalume ako anayesa, analandira sopo kumaso, ndi dzanja lamanzere lomwelo. Ine ndi amene ndikuwatembenuza, kuwapukuta, kuwayendetsa kuchoka pabedi kufika pawindo, tikukangana njira yonse, ine ndi pakamwa, iwo ndi nsidze. Msana umandiuza zake ndikakhala pansi, koma msana wanga ndi wolongolola kuyambira kale, usaumvere. Iwe ngakhale dzira umapsereza.

Sindikubisira, ndinawafunsa eni ake. Ndinati, "Bambo, mwana abwere? Ngati mukufuna finyani dzanja langa." Anafinya mpaka mphete inandilowa m'chala. Ndinafunsanso, "Asiye ntchito?" Anandiyang'ana muja amayang'anira munthu woika mapazi pampando, n'kukankha kapu ya tiyi. Kapu yanga yamaluwa ija yasweka, ndipo mlandu wake ndi wako.

Choncho masula sutikesiyo, zovala zibwerere m'kabati. Udzabwere pa tchuthi, tikiti yobwerera ili m'manja, ndidzaione pakhomo usanalowe. Udzatitengere nsapato zomata, zopanda zingwe, ndi kampira kofewa kofinya, chifukwa kamene anatipatsa kuchipatala anakaponya pawindo. Ndipo uzidya. Pachithunzi chija khosi lako lafanana ndi ndodo ya ambulera.

Mayi ako akupereka moni, amalume akonso chimodzimodzi. Agogo ako ndawauza kuti ndikulembera iwe. Alimbana nalo dzina lako mpaka thukuta pamphumi, latuluka theka loyamba lokha. Thekalo ndakutumizira. Linalo tikuliphunzira m'mawa uliwonse, udzalimve wekha.

Ndine agogo ako aakazi,
amene sanatope.